Mfumu ikakhala pambalambanda, musathamangire check

Ana amene ndimawaphunzitsa chess kuno ku Kasungu akabwerako ku mpikisano ataluza masewero amene anali kale m'manja mwawo, dandaulo lawo limakhala limodzi. "Aphunzitsi, mfumu yake inali poyera. Ndinaipatsa check, ndinaipatsanso ina, kenaka inangozemba." Tikayala bolodi n'kubwereza masewerowo kuchokera pa pepala lomwe mwanayo analembapo ma move, timapeza kuti sakunama, mfumu inalidi poyera. Koma yomwe inkaithamangitsa inali mfumukazi yokhayokha. Ma rook onse awiri anali phee pa timabokosi ta a1 ndi f1, hatchi ya pa b1 isanasunthe n'komwe, ndipo check iliyonse inkakankhira mfumu ija kwawo, kumene kunali zida zoiteteza.

Zimandiwawa, chifukwa kugumula mpanda wa mfumu ya mnzako ndi ntchito yaikulu, ndipo mwana amene wafika pamenepo wasewera bwino. Chomwe chamusowa n'chophunzitsika. Ndiye ndati ndilembe zimene ndimawauza, zithandizenso ena amene amasewera pa boma pano, ku Mtunthama, ku Nkhamenya, ku Santhe, ndi kwina kulikonse kumene kuli bolodi koma kulibe wowaunikira. Ndilemba ma move monga timalembera pa mpikisano: K ndi mfumu, Q mfumukazi, R rook, B bishopu, N hatchi, pawn ilibe chilembo, x ndi kudya, + ndi check (mfumu yaopsezedwa), # ndi checkmate (mfumu yaopsezedwa ndipo ilibe populumukira), O-O ndi castle yaifupi, O-O-O yaitali (castle ndi kubisa mfumu chakukona poisuntha pamodzi ndi rook). Yalani bolodi pafupi, chifukwa nkhani yotereyi imafuna manja, maso okha sakwanira.

Yambani mwawerenga

Mfumu imapezeka poyera m'njira zingapo. Ina imatsalira pakati, pa e8 kapena pa e1, mwini wake atachedwa kuchita castle, mizere ya d ndi e ili pafupi kutseguka. Ina inachita castle bwinobwino, koma ma pawn a patsogolo pake, a pa f, g ndi h, ena anadyedwa, ena anakankhidwa n'kusiya mipata. Ina inachita kukokedwa ndi nsembe, kutanthauza chida choperekedwa dala kuti chidyedwe, n'kupezeka ili pakati pa bolodi. Koma kusowa mpanda pakokha sikupha mfumu. Imafa ngati zida zanu zikufika pamalopo mochuluka komanso msanga kuposa zake.

Choncho funso loyamba ndi ili: ndi zida zanga zingati zomwe zingafike pafupi ndi mfumuyo m'ma move awiri, nanga zake zoiteteza zilipo zingati? Werengani mumtima, manja ali pamiyendo, pakuti pa mpikisano chida ukachikhudza uyenera kuchisuntha. Rook yanu imene yatsekeredwa ndi bishopu wanu yemwe musaiwerengere. Mfumukazi yake imene yapita kukadya pawn ku b2 musaiwerengerenso, ili kutali, ndipo nthawi yomwe ikufunika kuti ibwerere ndiyo nthawi yanu. Kukalabu kwathu ndinaika muyezo wakuti usayambe nkhondo ndi zida zosakwana zitatu: china chodzapereka kuti mpanda ugumuke, china chopereka check yomaliza, china choteteza chomalizacho kuti mfumu isachidye. Mfumukazi payokha, ngakhale ili ndi mphamvu zonse zija, singamalize mfumu yomwe ili ndi kothawira.

Yang'ananinso ngati mfumukazi zikadali pa bolodi. Zikachoka, mfumu yomwe inali pangozi pakati pa bolodi imasanduka chida champhamvu, imayamba kudya ma pawn anu. N'chifukwa chake woteteza amafunitsitsa kuti mudyerane mfumukazi, ndipo inu woukira muyenera kukana, pokhapokha ngati kudyeranako kukukupatsani phindu loonekeratu. Dziwaninso kuti mwayi umenewu sukhalitsa. Wilhelm Steinitz, amene anakhala katswiri woyamba wa dziko lonse mu 1886, ankaphunzitsa kuti amene ali bwino pa bolodi ayenera kuukira, akapanda kutero ubwinowo umatha. Mukampatsa mnzanuyo ma move awiri aulere, achita castle, ndipo zomwe munaona zija zapita.

Masewero amene ndimayambira pophunzitsa zimenezi ndi a Paul Morphy wa ku New Orleans, amene anasewera ku Paris mu 1858, m'nyumba ya zisudzo za opera, ali ndi zaka 21. Kumbali ya zakuda kunali anthu awiri othandizana nzeru, Duke wa ku Brunswick ndi Count Isouard.

1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.d4 Bg4 4.dxe5 Bxf3 5.Qxf3 dxe5 6.Bc4 Nf6 7.Qb3 Qe7

Apa ndimaimitsa ana n'kuwafunsa chimene angasewere. Pafupifupi onse amaloza pa b7, pawn yaulere. Koma mukadya 8.Qxb7, wa zakuda amayankha Qb4+, mfumukazi zonse ziwiri n'kuchoka pa bolodi. Mwapeza pawn imodzi, koma mfumu ya pa e8 yapuma. Taonani chimene 7...Qe7 yachita: yatsekera bishopu wa pa f8, ndiye castle ili kutali. Morphy anasiya pawn ija n'kutulutsa chida china.

8.Nc3 c6 9.Bg5 b5 10.Nxb5 cxb5 11.Bxb5+ Nbd7 12.O-O-O Rd8 13.Rxd7 Rxd7 14.Rd1 Qe6 15.Bxd7+ Nxd7 16.Qb8+ Nxb8 17.Rd8#

Anthu amasilira 16.Qb8+, kupereka mfumukazi, koma ine ndimaima nthawi yaitali pa move ya 10, ya 12 ndi ya 14. Pa 10, bishopu wa pa c4 waopsezedwa ndi pawn. Kumubweza m'mbuyo kukanapatsa wa zakuda mpata wopuma, ndiye Morphy anapereka hatchi kuti mzere wopendekeka wopita ku e8 utseguke. Pa 12, move imodzi yagwira ntchito ziwiri, mfumu yake yabisala ndipo rook yafika pa mzere wa d. Pa 13 anapereka rook podya hatchi chabe, zomwe pa masamu a zida (mfumukazi 9, rook 5, bishopu kapena hatchi 3) ndi kutaya 5 n'kupeza 3, koma ankadziwa kuti rook ya pa h1 ilowa m'malo mwake pa move yotsatira, pamene rook ya adani ya pa h8 ili m'ndende kuseri kwa bishopu. Pofika pa 14.Rd1, palibe chida cha Morphy chomwe chili pa ulova. Masewero akutha iye ali ndi rook ndi bishopu basi, adani ake ali ndi mfumukazi, rook, bishopu ndi hatchi, 20 kwa 8 tikapanda kuwerengera ma pawn. Koma rook ndi bishopu awo aja sanasunthepo chiyambire. Ndipo werengani ma check: yoyamba yabwera pa move ya 11, ndipo onse pamodzi ndi yomaliza alipo anayi okha.

Pa mipikisano ya ana a sukulu, mfumu yokokedwa poyera imaoneka kawirikawiri m'kayambidwe kamene osewera amakatcha Fried Liver: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5 Nxd5 6.Nxf7 Kxf7 7.Qf3+ Ke6. Mfumu yakakamizika kukwera pa e6 kuti iteteze hatchi ya pa d5. Apa ndi pamene ana ambiri amasochera, amayamba kusaka check ina. Move yoyenera ndi 8.Nc3, chida chachitatu cholunjika pa d5, pomwe hatchi yamangika chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumu. Zikatero ganizani zochita castle, zokankha d4 kuti pakati patseguke, ndi zoika rook pa e1 moyang'anizana ndi mfumu. Mfumu ikakhala pakati, pawn yanu ya pa d kapena pa e musaiumire, ipelekeni kuti mizere itseguke. Kwa inu amene mumagwira zakuda, pa move ya 5 sewerani Na5 m'malo mwa Nxd5, mavuto onsewa simuwaona.

Tsekani kothawira

Amene anakumbapo mbewa m'minda chimanga chitakololedwa akudziwa kuti suyamba ndi khasu. Umayamba wayendera malowo, kufufuza kadzenje kena komwe mbewa imathawirako, n'kukatseka kapena kuimikapo mnzako. Ukangofikira kukumba pa una waukulu, umakhetsa thukuta pamene mbewa inatulukira kumbuyo kalekale. Pa bolodi n'chimodzimodzi. Mfumu ili ndi timabokosi toizungulira tosaposa 8. Musanapereke check iliyonse, tiyendereni tonse ndi maso: ndi titi tomwe zida zanu zatseka, ndi titi tomwe pali zida zake zomwe, ndi titi tomwe tili pululu. Kenaka dzifunseni kuti check imeneyi iitumiza kuti. Ngati ikuitumiza kumene kuli zida zake, kapena kuseri kwa ma pawn ake a mbali inayo, check imeneyo ndi yothandiza mnzanuyo.

Njira yothawira imene ndaiona kwambiri ndi ya mfumu yochoka pa g8 kupita pa f8, pa e7, pa d7 mpaka kukabisala ku c8 kapena ku c7. Woukira amaitsatira ndi mfumukazi, check pambuyo pa check, ngati akuiperekeza. Chikhala anataya move imodzi yokha n'kuika rook pa e1 mzere wa e uli wotseguka, kapena bishopu pa g5 woyang'ana e7, bwenzi mfumu itatsekeredwa m'kona. Move yotereyi, yopanda check komanso yosadya kanthu, ndiyo imavuta kuiona, chifukwa mtima ukugunda ndipo ukuona ngati ukapanda kupereka check wamupatsa mnzako ufulu. Koma ngati move yanu yachete ikuopseza checkmate, ufulu wakewo ndi wa dzina chabe. Kwa mfumu yomwe sinachite castle, bishopu woikidwa pa a3 amagwira ntchito yomweyo: akayang'ana f8 popanda chotchinga, castle yaifupi siloledwa, popeza mfumu singadutse pa kabokosi komwe kakuopsezedwa.

Garry Kasparov anaonetsa zimenezi polimbana ndi Veselin Topalov ku Wijk aan Zee, m'dziko la Netherlands, mu 1999. Anapereka rook pa move ya 24, kenaka hatchi, mfumu ya Topalov n'kukokedwa kuchoka pa a7 kufika pa a4. Ali ndi zida zochepa chotero, pa move ya 28 sanapereke check, anangosewera Qc3, kuopseza Qb3#. Mfumu ija inakathera pa e1, kumudzi kwa adani ake, ndipo Topalov anagonja pa move ya 44. Masewerowa ndi ovuta kwa woyamba kumene, koma apezeni pa intaneti muone move ya 28 yokhayo.

Sindikunena kuti check ndi yoipa. Pali check yabwino, ndipo chitsanzo chake ndi masewero a Edward Lasker ndi George Thomas ku London mu 1912.

1.d4 e6 2.Nf3 f5 3.Nc3 Nf6 4.Bg5 Be7 5.Bxf6 Bxf6 6.e4 fxe4 7.Nxe4 b6 8.Ne5 O-O 9.Bd3 Bb7 10.Qh5 Qe7 11.Qxh7+ Kxh7 12.Nxf6+ Kh6 13.Neg4+ Kg5 14.h4+ Kf4 15.g3+ Kf3 16.Be2+ Kg2 17.Rh2+ Kg1 18.Kd2#

Kuyambira pa move ya 11 mpaka kumapeto ndi check yokhayokha, koma taonani mtundu wake. Pa 12.Nxf6+ check ikuchokera kuwiri, kwa hatchi ndi kwa bishopu wa pa d3, ndipo check yapawiri siitchingika, kudya chida chimodzi sikuthandizanso, mfumu iyenera kusuntha basi. Ikabwerera pa h8, 13.Ng6 ndi checkmate. Ndiye yatsika pa h6. Pa 13, hatchi ziwiri zonse zikanatha kupita pa g4, koma Lasker anasuntha ya pa e5 n'kusiya ya pa f6 pamalo pake, chifukwa ndiyo yatseka h7 ndi h5. Kuchokera apo check iliyonse ikusiyira mfumu kabokosi kamodzi kokha, ndipo kabokosiko kali chakumunsi, kumene kuli ma pawn, bishopu ndi ma rook a zoyera. Mfumukazi ya Thomas, ma rook ake, bishopu wake, zonse zatsala kumtunda, zilibe chochita. Check yabwino imatseka njira yobwerera kwawo n'kukokera mfumu kwanu. Onaninso kuti ma pawn a pa h ndi pa g agwira nawo ntchito, komanso mfumu yeniyeniyo pa move yomaliza. Mfumu ya mdani ikafika m'dera lanu, chilichonse chomwe muli nacho n'chida.

Nsembe ya bishopu pa h7

Mfumu ikachita castle yaifupi, pawn ya pa h7 nthawi zambiri imatetezedwa ndi mfumu ndi hatchi ya pa f6 basi. Hatchiyo ikachoka, pamakhala njira yakalekale yogumulira mpanda, imene Gioachino Greco wa ku Italy anailemba cha m'ma 1620: 1.e4 e6 2.d4 Nf6 3.Bd3 Nc6 4.Nf3 Be7 5.h4 O-O 6.e5 Nd5 7.Bxh7+ Kxh7 8.Ng5+ Bxg5 9.hxg5+ Kg8 10.Qh5 f5 11.g6, ndipo Qh8# kapena Qh7# palibe choiletsa. Taonani 11.g6, nayonso ndi move yachete, ntchito yake n'kutseka f7.

Nsembe imeneyi ana akaiphunzira amafuna kuichita paliponse, ndiye ndimawapatsa zoti aone kaye. Bishopu wanu akhale pa mzere wopendekeka wa b1 mpaka h7. Hatchi yanu ithe kufika pa g5 popanda kudyedwa mwaulere, kutanthauza kuti bishopu wa pa c1 kapena pawn ya pa h4 ikuiteteza. Mfumukazi ithe kufika pa h5. Pawn yanu ikhale pa e5, kuti hatchi yake isabwerere pa f6. Ndipo chimene ambiri amaiwala: onani ngati bishopu wake angafike pa f5, kapena mfumukazi yake pa d3 kapena pa c2, chifukwa kuchokera pamenepo amateteza h7, inu n'kutsala mutataya bishopu pachabe.

Mukasewera Bxh7+ Kxh7 Ng5+, mfumu imakhala ndi mayankho atatu ofunika kuwerengera musanakhudze bishopu uja. Ikapita pa h6, ili pa mzere wa bishopu wanu wa pa c1, ndiye hatchi ikangosuntha ndi check, ndipo Nxe6+ kapena Nxf7+ imapha mfumukazi ya pa d8. Ikapita pa g6, apo ndiye pamafunika mutu, chifukwa mfumukazi yanu singafikenso pa h5. Yesani Qg4, yesani h4 yoopseza h5+, yesani Qd3+, muone yomwe ikugwira pa bolodi lanulo. Nsembe zambiri zomwe zimalephera zimalepherera pa g6, chifukwa woukira anangowerengera kuti mfumu ibwerera m'mbuyo.

Ikabwerera pa g8, mumasewera Qh5, iye n'kusuntha rook kupita pa e8 kuti mfumu ipeze kothawira pa f8. Pano pali msampha wa woukira. Dzanja limafuna Qh7+, koma mukatero mfumu imapita pa f8, kenaka pa e7, ndipo pawn ya pa f7 imaitchinga. Yambani ndi Qxf7+. Mfumu ipita pa h8, inu Qh5+, iyo pa g8, inu Qh7+, iyo pa f8, inu Qh8+, iyo pa e7, inu Qxg7. Ngati mfumukazi yake ili pa d8, hatchi yake pa d7, pawn yake pa e6, ndipo pawn yanu ya pa e5 yatseka d6, imeneyo ndi checkmate. Ma check ake ndi omwewo, chasintha n'chakuti mwayamba mwachotsa pawn yomwe ikanadzaibisa. Ndondomeko imeneyi ibwerezeni mpaka muziiona mutatsinzina.

Mukachita castle mbali zosiyana, inu yaitali iye yaifupi, nkhani imafupika: kankhani ma pawn a mbali yomwe kuli mfumu yake, popeza sakuteteza yanu, ndipo amene wayamba kutsegula mzere ndiye amapambana. Ngati ali ndi pawn pa g6, h4 ndi h5 ndiyo njira, mzere wa h utsegukire rook. Bobby Fischer anatero pogonjetsa Bent Larsen ku Portorož mu 1958 ali ndi zaka 15, mpaka anapereka rook podya hatchi ya pa h5 yomwe inatseka njira. Pa mpikisano wothamanga wotere musataye move podya pawn yomwe ili kutali ndi mfumu. Koma ngati nonse mwachita castle mbali imodzi, samalani, ma pawn omwe mukukankhawo ndi mpanda wanunso, ndipo mnzanuyo akatsegula pakati, mfumu yomwe ikhale poyera ndi yanu.

Pa zoteteza, sikuti zonse n'zofanana. Nthawi zambiri pamakhala chida chimodzi chomwe chagwira nyumba yonse, hatchi ya pa f6 kapena bishopu wa pa g7. Chipezeni, ndipo muchichotse ngakhale pamtengo wokwera. Bishopu wa pa g7 akachoka, timabokosi takuda ta f6, g7 ndi h6 timatsala topanda mlonda, ndipo mfumukazi pa h6 ndi pawn kapena bishopu pa f6 zimakwanira. Ngati mwatsala ndi bishopu woyenda pa timabokosi takuda, iye ali ndi woyenda pa toyera, ukirani pa takuda, chifukwa kumeneko bishopu wakeyo sangathandize kanthu.

Wotchi ikuyenda

Zonsezi zimaphweka pansi pa mtengo wa mango, pomwe mnzako amakulola kubweza move. Pa mpikisano wotsata malamulo a FIDE, bungwe la chess la dziko lonse, monga imene bungwe la chess la m'Malawi la CHESSAM limakonza, pali wotchi, pali pepala lolembapo, pali woyimbira, ndipo mwina mwadzuka m'bandakucha kukwera minibasi ya ku Lilongwe, thupi latopa kale. Ndiye nthawi yanu muigwiritse ntchito pamalo oyenera. Malo ake ndi move ya nsembe, musanaipereke. Bishopu akapita wapita, kuganiza kwa pambuyo sikumubweza. Ndi bwino kuthera gawo lalikulu la nthawi yanu pamenepo kusiyana n'kupereka msanga kenaka n'kumakanda mutu zinthu zitavuta.

Powerengera, yambani ndi ma move okakamiza: ma check onse, kenaka kudya konse, kenaka zoopseza checkmate. Chitani zimenezi kumbali yanu, mubwerezenso kumbali yake. Pa move iliyonse funsani kuti, kodi iye ali ndi check? Kuukira kwambiri kumathera pa check imodzi ya mdani yomwe simunaione, ndipo choopsa kwambiri ndi mzere wanu wakumbuyo. Ma rook anu onse akapita kunkhondo, mfumu yanu n'kutsala pa g1 kuseri kwa ma pawn atatu osasuntha, rook yake imodzi ikafika pa e1 masewero atha. Musayembekezere kuti mnzanuyo akuchenjezani, pa mpikisano palibe lamulo lokakamiza munthu kunena kuti check.

Nsembe ili bwino kwambiri ngati mukuona pothawira panu. Kawirikawiri mfumu ikakhala poyera, mfumukazi yanu imatha kupereka check yosatha, monga pa h5 ndi pa e8 mobwerezabwereza, ndipo zida zikaima chimodzimodzi katatu mukhoza kuitana woyimbira kuti mwalepherana. Mukaona kuti muli ndi njira imeneyi m'thumba, perekani nsembe mopanda mantha, mukafika pamenepo muimenso n'kufufuza ngati pali choposa kulepherana.

Komanso si kuukira konse komwe kumathera pa checkmate, ndipo musakakamire. Woteteza wanzeru amabweza zomwe anadya, mwina kuwonjezerapo, kuti mfumu yake ipulumuke. Akakupatsani rook kapena mfumukazi, landirani. Pamenepo zinthu zatembenuka, tsopano ndinu amene mukufuna kudyerana zida kuti mufike kumapeto muli ndi zochuluka. Ndaonapo mtsikana wina wa Fomu 2 akukana rook yaulere chifukwa mtima wake unali pa checkmate yokongola, ndipo titakhala pansi madzulo ake ndinamuuza kuti, "Mwanawe, point ya checkmate ya move ya 20 ndi ya move ya 60 ndi imodzi yomweyo." Mukafika kumapetoko mfumu yake itatsala yokha, muziyang'ana move iliyonse kuti ili ndi kopita, chifukwa ikasowa kosunthira isali pa check, ndi stalemate, mwagawana theka theka.

Pokonzekera, foni ndi bandulo yaing'ono zimakwanira. Pa Lichess, tsamba la chess la pa intaneti pomwe salipiritsa, ma puzzle anawagawa m'magulu, ndipo pali gulu la mfumu yomwe ili poyera, pali la nsembe, palinso la move yachete. Koma musamangodina pa foni. Koperani zidazo pa bolodi lenileni, ngakhale lojambula pa katoni, khalani pansi ndi kope, mulembe ma move onse mpaka kumapeto pamodzi ndi mayankho a mdani musanakhudze chida chilichonse, kenaka ndi pamene muyerekeze ndi yankho. Ma puzzle asanu ochita motere amaposa 50 ongoyesa mwamwayi. Mukakhala awiri, yalani Fried Liver pomwe yafika pa 8.Nc3, kapena masewero a Greco pomwe afika pa 7.Bxh7+, muike mphindi 15 aliyense, musewere mpaka kumapeto. Mukatha musinthane mbali, amene amaukira ateteze, kuti aone ndi maso ake timabokosi tomwe mfumu imafuna kuthawirako ndi move yomwe amaiopa kwambiri kuti mnzake asaipeze.